Kodi opita kuzionetsero azinyamula zida zodzitetezera?

Funsoli silibwera kuli bata. Limabwera magazi atakhetsedwa kale. Anthu atuluka ndi zikwangwani zawo akuimba, kenaka patulukira galimoto yopanda nambala, mwatsika anyamata obisa nkhope, zikwanje ndi zibonga zili m'manja, apolisi ali chiimire chapatali osachitapo kanthu. Pofika madzulo, ena ali m'chipatala, mawu amene amamveka m'magulu a pa WhatsApp amakhala amodzimodzi: ulendo winawu nafenso tipita ndi zathu.

Wolankhula choncho sanapenge. Malamulo a mayiko ambiri amalola munthu kudziteteza pamene moyo wake uli pachiswe, bola mphamvu imene wagwiritsa ntchito isapyole chiopsezocho. Ngati munthu ali ndi ufulu wotchinjiriza nyumba yake kwa achifwamba usiku, ufuluwo ungathe bwanji chifukwa choti walowa mumsewu kukadandaula za ulamuliro? Funsoli n'lomveka. Koma yankho lake limasintha tikangozindikira chinthu chimodzi: kudziteteza ndi nkhani ya munthu payekha, pamene zionetsero ndi za gulu. Amene wabisa mfuti m'chiuno pakati pa anthu 10,000 wawasankhira onsewo mtundu wa tsiku limene adzakumane nalo, koma sanawafunse.

Tiyambe ndi malamulo, poti kumeneko nkhani njachidule. Malamulo aakulu a mayiko angapo amanena chinthu chimodzi pafupifupi ndi mawu ofanana. Gawo 37 la malamulo a Kenya, gawo 17 la South Africa, gawo 38 la Malawi ndi gawo 8 la Germany onse amapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero "mwamtendere komanso popanda zida". Pangano la mayiko la ufulu wa anthu pa ndale la mu 1966, pa gawo 21, limateteza kusonkhana kwamtendere basi. Mu 2020 komiti ya United Nations yoona za panganoli inafotokoza bwino kuti ziwawa za anthu ochepa zisasenzetsedwe kwa gulu lonse, ndiponso kuti kuvala chipewa cholimba kapena chotchinga utsi wokhetsa misozi sikusandutsa munthu kukhala wachiwawa. Mfundoyo njabwino papepala. Mumsewu, mkulu wa apolisi amene wamva kulira kwa mfuti sakhala pansi n'kuyamba kusanthula kuti mwini wake ndani. Ikaola imodzi zonse zaola.

Dziko limene layesa kwambiri njira inayo ndi America, kumene malamulo a madera ambiri amalola munthu kuyenda ndi mfuti poyera, ngakhale pazionetsero. Zimene zachitika kumeneko n'zothandiza chifukwa zimaonetsa mmene mfuti imagwirira ntchito pachigulu, osati m'maganizo mwa mwini wake.

Usiku wa pa 25 Ogasiti 2020 mumzinda wa Kenosha, m'chigawo cha Wisconsin, munali zionetsero zokwiya ndi kuomberedwa kwa munthu wakuda ndi wapolisi. Kyle Rittenhouse, mnyamata wa zaka 17, anafika ndi mfuti yaikulu ati kudzateteza katundu wa anthu. Munthu wina anamuthamangitsa, iye n'kumuombera. Anthu amene anamva kulirako anangoona mnyamata wa mfuti akuthawa pamalo pamene pagwa munthu, ndipo anaganiza zimene aliyense angaganize: wakupha uja ndi uyu, tim'gwire asanaphe ena. Mmodzi anam'menya ndi thabwa loseweretsa, iyenso anaomberedwa n'kufa. Wachitatu anayandikira atagwira mfuti yake yaing'ono, chipolopolo chinam'phwanya mkono. Mu Novembala 2021 bwalo linamasula Rittenhouse ponena kuti ankadziteteza. Taonani pamene pali vuto: amene ankamuthamangitsa pambuyo pa kuombera koyambako nawonso ankakhulupirira kuti akuteteza anzawo. Aliyense wa iwo, malinga ndi zimene maso ake anaona pa kamphindi kameneko, anali ndi chifukwa. Pamene mfuti zili mbali zonse, mawu oti "ndimadziteteza" amakhala a amene watsala wamoyo, poti womwalira sakapereka umboni.

Mwezi umodzi zimenezi zisanachitike, ku Austin m'chigawo cha Texas, wochita zionetsero wina anayenda ndi mfuti ya AK-47 mwalamulo, ati kuteteza gulu. Galimoto italowa pakati pa anthu, iye anayandikira, dalaivala n'kumuombera pomwepo. Kubwalo, maloya a dalaivalayo anati iye anaona mfuti ndipo anaopa. Anam'peza wolakwa mu 2023, koma mu 2024 bwanamkubwa wa chigawocho anam'khululukira. Mfuti imene inkayenera kuteteza mwini wake ndi imene inakhala chodzikanira cha amene anamupha. Kafukufuku amene mabungwe a ACLED ndi Everytown anatulutsa mu 2021 anapeza kuti ku America, zionetsero zimene panali anthu a mfuti zinkathera m'ziwawa kapena kuononga katundu pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa zimene panalibe.

Apa tikukamba za anthu wamba okhaokha. Nkhani imakula mbali inayo ikakhala boma.

Palibe gulu la ochita zionetsero limene lingapose boma pa zida. Boma lili ndi asilikali ophunzitsidwa, galimoto zosaboola zipolopolo, ndege, ndende, ndi wailesi yoti ifotokozere dziko madzulo zimene zachitika. Chimene boma lankhanza limasowa kawirikawiri si mfuti ayi, koma chifukwa chomveka chozigwiritsira ntchito. Ku Marikana, ku South Africa, ogwira ntchito mumgodi wa kampani ya Lonmin ananyanyala ntchito mu Ogasiti 2012 pofuna malipiro abwino. Ambiri anasonkhana paphiri atanyamula mikondo, zibonga ndi zikwanje, ndipo ankati akudziteteza chifukwa anzawo ena anali ataomberedwa kale. Sabata imeneyo anthu 10 anaphedwa, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a pamgodi. Pa 16 Ogasiti apolisi anapha ogwira ntchito 34. Theka la iwo anaphedwera pakati pa miyala, kutali ndi makamera. Mikondo sinaimitse chipolopolo ngakhale chimodzi, koma inagwira ntchito yaikulu pambuyo pake: zithunzi za amuna onyamula mikondo ndi zimene apolisi anaonetsa dziko ponena kuti ankadziteteza, ndipo poyamba oimira boma pamilandu anafika potsegulira mlandu wakupha ogwira ntchito 270 amene anapulumuka, mpaka anthu atakwiya n'kuuchotsa.

Wina anena kuti boma likafuna kunama linama ndithu, zida zikhalepo kapena ayi. N'zoona. Pa 30 Januwale 1972 ku Derry, ku Northern Ireland, asilikali a Britain anapha anthu 13 pazionetsero n'kunena kuti ophedwawo anali ndi mfuti ndi mabomba. Kafukufuku woyamba wa boma anaikira kumbuyo asilikaliwo. Panatenga zaka 38 kuti kafukufuku wachiwiri, wotsogoleredwa ndi Lord Saville, anene mu 2010 kuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa oomberedwawo amene ankaopseza moyo wa msilikali, ndipo nduna yaikulu David Cameron anapepesa m'nyumba ya malamulo. Zaka 38 n'zambiri, makolo ena anamwalira asanamve chipepesocho. Komabe bodzalo linatheka kugwetsedwa chifukwa linali bodza. Likanakhala ndi kachoonadi pang'ono, bwenzi mpaka lero likuimabe.

Palinso nkhani ya akazitape, imene wotsogolera zionetsero aliyense amaidziwa. Gulu likagwirizana kuti palibe wonyamula chida, munthu amene watulutsa mpeni kapena botolo la petulo amaonekera msanga, ndipo anthu amatha kum'zungulira n'kum'tulutsa. Gulu likalola zida, wotumidwa kudzasokoneza sasiyana ndi wina aliyense. Iyeyo ndi amene amaombera koyamba.

Tsono mphamvu ya zionetsero imachokera kuti, ngati si m'manja? Akatswiri awiri a ku America, Erica Chenoweth ndi Maria Stephan, anasanthula magulu 323 amene analimbana ndi maulamuliro pakati pa 1900 ndi 2006. Anapeza kuti magulu osagwiritsa ntchito zida anapambana maulendo 53 pa 100 alionse, pamene a zida anapambana maulendo 26. Chiwerengerochi anthu amachitchula kwambiri, ndipo ena amachitsutsa ponena kuti magulu ambiri amene anaikidwa m'gulu la "amtendere" anali ndi anyamata ogenda miyala m'mbali mwake. Kwa ine chofunika kwambiri si nambalayo koma chifukwa chimene anapereka. Pazionetsero zopanda zida pamabwera agogo, amayi oyembekezera, aphunzitsi, anamwino, ansembe, ogulitsa pamsika. Pakangomveka kuti kukhala mfuti, onsewa amatsala kunyumba, mumsewu mumatsala anyamata okhaokha, ndipo gulu la anyamata okhaokha n'losavuta kulitcha zigawenga.

Chifukwa chachiwiri chili m'mutu mwa msilikali amene walamulidwa kuombera. Ulamuliro uliwonse umaima pa anthu omvera malamulo, ndipo umagwa tsiku limene omverawo ayamba kuzengereza. Msilikali amene akuyang'anizana ndi mayi wofanana ndi mayi ake, wanyamula kandulo basi, ali ndi nkhondo mumtima mwake. Msilikali yemweyo akamva chipolopolo chikudutsa pakhutu, nkhondo yamumtimayo yatha. Tsopano akuteteza moyo wake ndi wa mnzake amene wagona naye m'tenti imodzi.

Ku Philippines mu Febuluwale 1986 zinthu zinachita kutembenuka. Nduna ya zachitetezo Juan Ponce Enrile ndi wachiwiri kwa mkulu wa asilikali Fidel Ramos anagalukira pulezidenti Ferdinand Marcos n'kudzitsekera m'misasa ya asilikali ku Manila ndi anthu ochepa. Cardinal Jaime Sin anapempha pa wailesi kuti anthu apite akawatchinjirize. Namtindi wa anthu unadzaza msewu wa EDSA, masisitere anagwada patsogolo pa akasinja ndi korona m'manja, ena akupatsa asilikali maluwa ndi chakudya. Akasinjawo anabwerera. Pa 25 Febuluwale Marcos anathawa. Apa anthu opanda zida ndi amene anateteza a mfuti. Ku Leipzig, ku East Germany, pa 9 Okutobala 1989, anthu pafupifupi 70,000 anayenda akufuula kuti "pasakhale ziwawa", asilikali ali okonzeka, zipatala zitauzidwa kusunga magazi. Lamulo loombera silinaperekedwe, ndipo patatha mwezi umodzi khoma la Berlin linatseguka.

Zikanathera pomwepa, bwenzi nkhaniyi ili yophweka. Koma pali maboma amene asilikali ake sazengereza.

Pa 21 Malichi 1960 ku Sharpeville, ku South Africa, apolisi a boma latsankho anapha anthu 69 opanda mfuti, ambiri atawaombera kumsana akuthawa. Mwezi wotsatira boma linaletsa zipani za ANC ndi PAC. Nelson Mandela ndi anzake, atatha zaka zambiri akuyesa makalata, misonkhano ndi kunyanyala, anakhazikitsa gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe pa 16 Disembala 1961. Ku Beijing mu Juni 1989 akasinja sanabwerere. Chenoweth yemweyo wanena kuti kuyambira cha m'ma 2010 kupambana kwa magulu amtendere kwatsika kwambiri, chifukwa maboma aphunzira kutseka intaneti, kugula atsogoleri, ndi kugwiritsa ntchito zimbalangondo zolipidwa m'malo mwa asilikali ovala yunifolomu. Amene amalalikira mtendere ngati kuti ndi chithumwa choletsa chipolopolo akunamiza anthu. Oyenda manja ali lende amaphedwa ndithu.

Ndipo pali chitsanzo chimodzi chimene okana zida sakonda kuchikumbukira. Kummwera kwa America m'zaka za m'ma 1960, omenyera ufulu wa anthu akuda ankasakidwa usiku ndi gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan, lobisa nkhope ndi zinsalu zoyera, ndipo nthawi zambiri wapolisi wa masana ndi amene ankavala chinsalu choyera usiku. Mu 1964 m'tauni ya Jonesboro, ku Louisiana, amuna akuda anakhazikitsa gulu la Deacons for Defense and Justice. Ambiri anali oti anamenyapo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kapena ya ku Korea. Ntchito yawo inali kulondera nyumba zimene mwagona omenyera ufulu, kulondera matchalitchi, ndi kuperekeza galimoto m'misewu yamdima. Tsiku lina mu 1965 ana asukulu akuchita zionetsero, apolisi anaitanitsa galimoto yozimitsa moto kuti iwathire madzi. Amuna anayi a gululi anafika n'kulonga zipolopolo m'mfuti zawo apolisi akuona, ndipo galimotoyo inabwezedwa. Ku Bogalusa, tauni inanso ya ku Louisiana, kukhalapo kwawo kunakakamiza boma lalikulu la ku Washington kulowererapo. Martin Luther King mwiniwake anapemphapo chilolezo chokhala ndi mfuti mu 1956 nyumba yake itaphulitsidwa ndi bomba, anam'kaniza, ndipo kenaka anasankha kuchotsa mfuti zonse panyumba pake. Koma mu 1966, paulendo wapansi wodutsa chigawo cha Mississippi, analola kuti a Deacons azilondera.

Chitsanzochi n'choona, ndipo ndimachilemekeza. Koma chiyenera kuwerengedwa chonse. A Deacons ankasankhana mosamala, ankakana anyamata a mtima wapachala, anali ndi utsogoleri umene unkamveredwa, ndipo ntchito yawo yaikulu inali usiku, pakhomo ndi m'mbali mwa njira, osati pakati pa oguba. Adani awo anali magulu achiwembu a m'deralo, amantha akaona kuti nawonso atha kuvulala, ndipo pamwamba pa onsewo panali boma lalikulu ndi makhothi amene, ngakhale mochedwa, ankatha kukankhidwa kuti achitepo kanthu. Kulondera nyumba ya mnzako usiku kwa achiwembu ndi nkhani ina. Kulowa mumsewu ndi mfuti kukayang'anizana ndi boma ndi inanso.

Amene anayesa yachiwiriyi m'dziko lomwelo ndi a Black Panther Party. Pa 2 Meyi 1967 anthu awo pafupifupi 30 analowa m'nyumba ya malamulo ya California ku Sacramento atanyamula mfuti, zimene panthawiyo zinali zololedwa. Chithunzicho chinawatchukitsa dziko lonse ndipo chinapatsa achinyamata ambiri akuda mtima wodzidalira. Pasanathe miyezi itatu, bwanamkubwa Ronald Reagan anasaina lamulo loletsa kuyenda poyera ndi mfuti yolonga. Kenaka bungwe la boma lofufuza milandu la FBI linawasandutsa adani oyamba. Pa 4 Disembala 1969 apolisi anapha Fred Hampton, mtsogoleri wawo ku Chicago, wa zaka 21, ali pabedi pake. Amene anapereka mapu a nyumbayo anali kazitape wa FBI amene anali ndi udindo woyang'anira chitetezo m'gulu lomwelo.

Kumapeto kwenikweni kwa njira imeneyi kuli Syria ndi Myanmar. Ku Syria zionetsero zinayamba mwamtendere ku Daraa mu Malichi 2011. Boma la Bashar al-Assad linaombera, linamanga, linazunza. Mu Julayi asilikali ogalukira anakhazikitsa Free Syrian Army, ndipo cholinga chimene ankatchula poyamba chinali kuteteza ochita zionetsero. Ndani angawadzudzule? Koma mfuti imafuna zipolopolo, zipolopolo zimafuna ndalama, ndipo opereka ndalama anali mayiko akunja, lililonse ndi zofuna zake. Aphunzitsi ndi maloya amene anayambitsa zionetsero anakankhidwira pambali, mawu anakhala a mwini mfuti zambiri. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inawerengera kuti anthu wamba oposa 300,000 anaphedwa m'zaka 10 zoyambirira. Assad anagwa mu Disembala 2024, ndipo Asiriya okha ndi amene angayeze mtengo wake. Ku Myanmar, asilikali atalanda boma pa 1 Febuluwale 2021 n'kuyamba kuombera oguba m'mutu, achinyamata anathawira kunkhalango ndipo mu Meyi anakhazikitsa magulu a nkhondo. Pamenepo funso loti "tinyamule zida kuzionetsero?" linali litatha. Limene linatsala ndi loti "tilowe nkhondo?", ndipo limenelo lili ndi miyeso yake. Choopsa n'choti gulu limatha kuwoloka malire a mafunso awiriwa lisanakhale pansi n'kugwirizana, kungoti munthu mmodzi anachita mantha n'kukhethemula.

Kukana zida sikutanthauza kupita ngati nkhosa. Magulu okonzekera bwino amakhala ndi anthu ovala zizindikiro oyenda m'mbali, ophunzitsidwa kuzimitsa mkangano ndi kupatula wosokoneza. Amayenda ndi achipatala, maloya odikira pafoni, ndi ojambula amene akutumiza zithunzi pa intaneti nthawi yomweyo kuti foni ikalandidwa umboni usapite nayo. Amadziwiratu njira zothawira, amayenda awiriawiri, amabalalika kusanade, ndipo amaika kutsogolo anthu amene kuwamenya kungachititse boma manyazi. Apolisi akaima n'kumaonerera zimbalangondo, kuimako kumajambulidwa n'kukafika kukhothi, pakuti boma lili ndi udindo woteteza osonkhana ngakhale akutsutsana nalo. Ngakhale zodzitchinjirizira zili ndi malamulo ake: ku Germany kuvala zotchinga zikwapu za apolisi pazionetsero ndi mlandu, ndipo ku Hong Kong boma linaletsa zobisa nkhope mu Okutobala 2019. Wokonza zionetsero ayenera kuzidziwiratu zimenezi asanauze anthu zoti avale.

Ndipo msewu ukasanduka malo ophera anthu, pali njira yochoka mumsewumo osasiya nkhondo. Ku Sudan, pulezidenti Omar al-Bashir atachotsedwa pa 11 Epulo 2019, anthu anapitiriza kukhala panja pa likulu la asilikali ku Khartoum pofuna boma la anthu wamba. M'bandakucha wa pa 3 Juni asilikali anawathira zipolopolo. Bungwe la madokotala linati anthu oposa 100 anaphedwa, ndipo mitembo ina inavuulidwa mumtsinje wa Nile. Intaneti inatsekedwa. M'dziko lodzaza mfuti ngati limenelo, zida sizinali zovuta kupeza. Atsogoleri a zionetsero anaitanitsa kunyanyala kwa dziko lonse m'malo mwake: kuyambira pa 9 Juni, kwa masiku atatu, mabanki, masitolo ndi maofesi ambiri anatsekedwa, misewu ili gwa. Uthenga unkayenda khomo ndi khomo kudzera m'makomiti a m'madera. Pa 30 Juni anthu miyandamiyanda anatulukanso, manja ali opanda kanthu, ndipo pa 17 Ogasiti akuluakulu a asilikali anasaina pangano logawana ulamuliro ndi anthu wamba. Panganolo linakhala zaka ziwiri zokha, asilikali n'kuliphwanya mu Okutobala 2021. Nkhondo imene yasakaza dzikolo kuyambira mu Epulo 2023 inabuka pakati pa magulu awiri a asilikali omwewo.